Kambuku wa Amalume Gerishomo

MUTU 7

1. Thumba la pa kaliyala

Tsiku limene Fanuelo anasankhidwa, ine ndinali pansi pa mtengo wa mango, ndikumanga tsitsi la mayi wina wa ku tchalitchi kwathu. Mwana wanga Sharon anali kumbuyo. Maso anga anali pa mpunga umene tinayanika pabwalo, kuopa nkhuku. Ndimatero ine. Manja amagwira china, maso akulonda china. Amayi amati ndinabadwa ndikuyang'ana kukhomo.

Fanuelo ndi mlongo wanga wamng'ono. Ali Fomu 2 pa sekondale yoyendera ya kwathu kuno kwa Mwambo. Analowa pabwalo akuthamanga, nsapato zili m'manja, n'kudumpha mpunga wonse ngati akudumpha ngalande.

"Iwe, mpunga!" ndinakuwa.

"Achemwali, za mpunga zisiyeni! Andisankha! Ine ndiye wotsogolera tchopa ku Zomba Lachisanu!"

Unali mpikisano wa magule a makolo wa masukulu a m'boma lathu. Amayi anatuluka m'khitchini akuimba nthungululu, chipande chili m'manja. Mayi ndinkamumanga tsitsi uja anaimirira n'kuyamba kuvina, mbali imodzi ya mutu itamangidwa, inayo ili nyankhalala. Sharon anadzidzimuka, koma ataona aliyense akuseka, nayenso anaseka.

Dzuwa litapendeka, kunabwera amalume Gerishomo pa njinga yawo yopanda mabuleki. Iwo ndi mlongo wawo wa amayi, ndipo ndi amene amaphunzitsa ana a sukulu tchopa. Miyendo yawo ndi yoonda ngati ya kakowa, koma ng'oma ikalira achinyamata amatopa iwo asanatuluke thukuta.

Pa kaliyala panali thumba lakale lomangidwa ndi mphira. Analitsitsa ndi manja awiri, n'kupempha mphasa yoyera.

M'thumbamo munatuluka chikopa chachikasu, cha mawanga akuda ozungulira, mchira wake wautali. M'mphepete ubweya unali utayamba kuthothoka. Chinkanunkha utsi ndi fodya amene amalume ankaikamo kuti njenjete zisachidye.

"Muphwa wanga, khala pansi umve," anatero amalume. "Uyu ndi havara m'chinenero cha makolo athu. Inu a sukulu mumati kambuku. Amalume awo a amalume anga anabwera naye kuchokera kutsidya kwa nyanjayi, ku Mozambiki, nthawi imene anthu athu ankathawa nkhanza za Apwitikizi. Anasiya mbuzi, anasiya nkhokwe zodzaza, koma uyu sanamusiye. Anamumanga m'chiuno, mkati mwa nsalu, mpaka kufika kuno. Chikopachi sichipita kwa mwana wobereka. Chimapita kwa muphwa, mwana wa mlongo wako. Ana anga akhala akuchiyang'ana ndi diso lofiira, koma si chawo. Ndipo umve bwino apa: chimaperekedwa kamodzi. Muphwa akachikana sitimukakamiza, koma sitimupatsanso. Chimapita ku nyumba ina, dzina lake n'kuiwalika pa gule. Lachinayi, pokonzekera komaliza, ndidzakumanga nacho pamaso pa anthu. Lachisanu a ku Zomba akadziwe kuti kwa Mwambo kuli anthu."

Fanuelo anagwada n'kuwomba m'manja. Anakhudza mchira ndi chala chimodzi chokha, ngati akuopa kuti kambukuyo adzuka.

2. Diso la foni

Amalume atapita ndi thumba lawo, ndinadikira kuti tidye kaye. Kenako ndinayankhula.

"Fanu, popita ku Zomba lole imaima pa rodibuloko."

"Ndiye?"

"Apolisi amatsegula matumba. Ndinamva pa wailesi kuti bambo wina, sindikukumbuka boma lake, anamangidwa chifukwa cha chikopa cha nyama."

Fanuelo anaseka mpaka kutsamwa. "Achemwali, inu mumaopa ndi chithunzithunzi chanu chomwe. Dzana munati Sharon wameza batani, batani lili pa malaya anu. Uyotu anali wopha nyama. Kambuku wathuyu anafa agogo awo a amayi asanabadwe."

"Tingofunsa basi. Wina apite ku ofesi ya zanyama akafunse."

Apa amayi, a Falida, anaika mbale pansi.

"Agnesi, mantha akowo asatilowetsere njoka m'nyumba. Boma silifunsidwa. Ukapita ku ofesi n'kukanena kuti, 'Bwana, nanga munthu akakhala ndi chikopa cha kambuku zimatha bwanji?' iwo sakuyankha ayi. Amatenga cholembera n'kukufunsa kuti dzina lako ndani, mudzi wako ndi uti, chikopacho wachiona kuti. Wapita ndi funso, ubwerako ndi galimoto. Ife takula tikudziwa kuti za boma umazimva zikakugwera, ngati matalala. Usodzi akatseka, timamvera kwa amene alandidwa ukonde. Ndiye iwe ukufuna ukaike dzina la mlongo wanga pa tebulo la anthu osawadziwa? Munthu wamkulu uja akagone pa simenti chifukwa cha pakamwa pako? Khala chete, mwana wanga. Chimene sunafunse sichikuluma."



Fanuelo anandiyang'ana n'kupukusa mutu. "Palibe chopitira ku ofesi, amayi. Aphunzitsi anatiuza kuti malamulo a boma amaikidwa pa intaneti kuti aliyense awerenge. Ndikawerenga mawa kuti achemwali agone tulo. Koma tipangane. Ndikapeza kuti palibe mlandu, muzindichapira yunifolomu mpaka titsekere."

"Ukapeza kuti ulipo?"

"Ndichapa matewera a Sharon."

Amayi sanaseke nawo. Anatambasula dzanja. "Bweretsa foniyo."

Ndinawapatsa foni yanga, imene bambo ake a Sharon anandigulira asanapite kukakhala pa nyanja ndi asodzi anzawo. Amayi anaitembenuza uku ndi uku.

"Ichi si diso ichi? Ndi ili lina kumbuyoku? Iwe ukamaliona boma, nalonso likukuona."

Anatapa mpunga wotsala m'mbale, n'kuufinya ndi zala, n'kumata pa diso la kutsogolo. Anamatanso la kumbuyo.

"Tsopano kawerengeni," anatero.

3. Pa chulu

Netiweki kwathu imakhala pa chulu cha m'mbali mwa njira ya ku doko. M'nyumba foni imangokhala ngati sopo. M'mawa mwake, Fanuelo asanapite kusukulu, tinakwera pa chulupo. Kum'mawa mapiri a pa chilumba cha Chisi ankaoneka ngati akuyandama pa nkhungu. Pansi pathu njinga za ogula matemba zinkadutsa, madengu ali mbuu.

Ine maso anali kunjira. Aliyense wodutsa ndinkamuona ngati akudziwa chimene tikuchita.

Fanuelo analemba mawu ake m'Chizungu. Kachizindikiro kodikiritsa ka pa foni kanazungulira, kanazungulira, n'kuima. Anakweza foni m'mwamba ngati akudalitsa mudzi. Kanazunguliranso. Kenako tsamba linatseguka, chizindikiro cha boma chili pamwamba.

Ndinadikira kuti litifunse dzina. Silinafunse. Ndinadikira kuti lifunse mudzi. Silinafunsenso. Linangotseguka ngati chitseko cha tchalitchi.

Chizungu cha m'malamulo ndi cholimba ngati chimanga chokazinga. Fanuelo ankawerenga mokweza, akagwa ine n'kumudzutsa, pakuti Fomu 4 ndinaimaliza ngakhale anthu amaiwala akandiona ndi mwana kumbuyo. Pena tonse tinkagwa, n'kuyambiranso chiganizocho.

Nyama zinagawidwa m'magulu. Panali gulu la zimene boma likuziteteza kwambiri chifukwa zatsala pang'ono kutha. Fanuelo ankatsitsa ndi chala, akutchula monyada ngati ali m'kalasi.

"Njovu. Chipembere. Mkango. Ngaka."

Chala chinaima.

"Pitiriza," ndinatero.

"Kambuku."

"Mwina akunena wamoyo," anadziyankha yekha, n'kutsegula lamulo lenilenilo. Tinawerenga pang'onopang'ono. Lamulo silinkanena za wamoyo yekha. Linkanenanso za chikopa, dzino, chikhadabo, chiwalo chilichonse. Kupezeka nacho popanda chilolezo ndi mlandu, ndipo chilango chake chikhoza kukhala zaka zambiri m'ndende.

"Nanga chakale? Payenera kukhala pamene alemba za chakale," anatero Fanuelo.

Tinafunafuna mpaka foni inatentha. Sitinapeze pamene panalembedwa kuti chakale n'chokhululukidwa.

Nthawi yomweyo pansi pa chulu panaima njinga. Anali Pearson, mnzake wa Fanuelo amene amaimba ng'oma yaikulu.

"Aise! Mbiri yamveka kuti ukavala kambuku weniweni! Ifenso a ng'oma tapangana. M'dambo la mpunga muja muli njuzi, yaoneka kawiri. Tiitchera msampha. Chaka chamawa tonse tidzakhale ndi mawanga, osati iwe wekha."

"Pita, ndikupeza," anatero Fanuelo.

Pearson atapita, Fanuelo anabwerera ku magulu aja. Njuzi nayonso inalipo, pa gulu lina la zotetezedwa. Anaiyang'ana nthawi yaitali.

Kenako anafunsa, osandiyang'ana, "Matewera aja ali kuti?"

Ndinafuna kuseka, koma nkhope yake inandiletsa.

"Ndikachikana, amalume sadzandiyang'ananso," anatero. "Ndikachivala, mwina tidutsa bwinobwino pa rodibuloko, koma ku Zomba ndikachivina pamaso pa anthu onse, ndi apolisi olondera omwe. Akafunsa mwini wake, ndidzati ndani?"

Chisankho chinali chake. Chikopacho sankapatsa ine.

Fanuelo anakanda mpunga wouma uja pa diso la foni ndi chikhadabo, n'kuuuzira.

"Kaya lationa, kaya silinatione," anatero. "Ife taliona."

4. Mbuzi ikwezedwa pa udindo

Madzulo Fanuelo sanabwere molunjika kuchokera kusukulu. Anafika mochedwa, atapinda chinthu m'khwapa, m'dzanja lina muli mabango a kunyanja.

Anachiyala pakhonde. Chinali chikopa cha mbuzi yoyera, chouma kale. Anakachipempha kwa a Edwadi, opha mbuzi pa msika, amene ankachisungira kukungira ng'oma. Malipiro ake anali oti Fanuelo akawatungire madzi Loweruka.

"Achemwali, mankhwala anu okudetsa tsitsi aja alipo?"

"Bulaki? Ufuna udetse chiyani, imvi zili kuti?"

"Ndikufuna kupanga kambuku."

Amayi anali atamva kale zimene tinawerenga. Tsiku lonse sanayankhule zambiri. Koma atamva mawu amenewa anakhala pansi n'kuseka mpaka misozi.

Tinayamba ndi kuchifewetsa. Tinachipaka madeya ndi mafuta pang'ono, n'kumachipotokola, wina uku wina uku, mpaka manja anawawa. Amayi anakumba chikasu kuseri kwa bafa, n'kuchisinja, n'kuchiwiritsa. Titachiviika, mbuzi yoyera ija inatuluka yachikasu ngati papaya wakupsa.

Mawa lake chitauma, inafika ntchito ya mawanga. Ine ndinkafuna kudontheza bulaki ndi kamtengo. Fanuelo anakana.

"Kambuku alibe madontho, achemwali. Ali ndi mphete. Ndinaziyang'ana bwino za amalume."

Anadula bango, n'kulisema pakamwa pake kuti pakhale mipata. Analiviika m'bulaki n'kudinda pa chikopa. Panatuluka mphete yakuda yodukaduka, pakati pali pachikasu. Ndinasuzumira kawiri.

Tinadinda tonse atatu. Amayi ankadinda mwaukali ngati akusinja, ndipo mawanga awo anali aakulu kuposa athu. Ine ndinkangoyang'ana Sharon kuti asamwe bulaki. Ndinacheuka kamodzi kokha kuthamangitsa nkhuku, pobwerera ndinapeza waviika dzanja lonse, wadinda chikhatho chake pa phewa la kambuku.

"Mayo! Wadya? Tsegula pakamwa! Fanu, tenga madzi!"

Sanadye. Koma dzanja linakhala lakuda mpaka Lamulungu, ndipo anthu ku tchalitchi anandifunsa mafunso.

Vuto lomaliza linali mchira. Wa mbuzi ndi waufupi ngati chala. Ndinatenga mesh, tsitsi logula, yotsala pomanga anthu, n'kuluka chingwe chonenepa, n'kuchikulunga ndi timizere ta chikopa chotsala. Tinausokerera ndi ulusi wa thumba.

Amayi anaima patali, manja m'chiuno, akuchiyang'ana.

"Mbuzi imeneyi ikanadziwa kuti idzakwezedwa pa udindo itafa, bwenzi itapita yokha kwa a Edwadi," anatero. Kenako nkhope inasintha. "Koma mlongo wanga ndimamudziwa ine. Mukamuchititsa manyazi pa anthu, sadzapondanso pakhomo pano."

5. Pa bwalo la sukulu

Lachinayi masana bwalo la sukulu linadzaza. Kunabwera makolo, ana a pulayimale, ndi amayi ogulitsa zitumbuwa amene samaphonya pamene pali anthu. Ng'oma anali ataziwamba kale pa moto wa mapesi. Ovina anavala nthenga kumutu ndi manjerenjeza m'miyendo. Ine ndinaima kutsogolo, Sharon kumbuyo, thumba la mbuzi yathu lili pakati pa mapazi anga.

Amalume anakweza dzanja, ng'oma zinaleka. Anatulutsa kambuku wawo n'kumutambasula m'mwamba. Anthu anati "Eee!" onse pamodzi.

"Fanuelo, mwana wa mlongo wanga, bwera."

Fanuelo anapita n'kugwada. Amalume anawerama kuti amumange m'chiuno. Iye anatambasula manja onse awiri n'kuchilandira m'manja, n'kuchigwira pachifuwa.

"Amalume, ndalandira. Sindikukana. Koma ku Zomba sindipita nacho."

Amalume anawongoka pang'onopang'ono.

"Wati chiyani?"

"Ndikuchifuna, amalume. N'chifukwa chake sindikufuna chikathere m'chipinda cha apolisi, inu mukathere ku ndende. Lamulo likuti kambuku ndi wotetezedwa, ndi chikopa chake chomwe."

"Lamulo!" Amalume anatembenukira kwa anthu. "Mwamva? Takutumizani kusukulu kuti mukaphunzire kuopa makolo anu? Tamvera iwe mwana. Kambuku uyu anawoloka malire popanda chiphaso. Wavina pa maliro a mafumu, wavina popempha mvula chaka chimene nyanja inauma mpaka anthu kuyenda pansi kupita pa Chisi. Palibe wa boma anamufunsapo kanthu. Lero iwe, wa mkaka m'mphuno, ukuti akhale m'thumba ngati wakuba? Mtundu umatha chonchi. Sutha ndi nkhondo ayi. Umatha mwana akayamba kuchita manyazi ndi fungo la kwawo. Lero usiya chikopa, mawa usiya chinenero, mkuja udzafunsa kuti tchopa n'chiyani. Ndani wakuuza za lamulozi? Wapita kukatinenera kwa ndani?"

"Sindinapite kwa munthu, amalume. Ndawerenga ndekha. Boma linaika poyera, pa foni."

"Linakufunsa kuti ndiwe mwana wa yani?"

"Ayi."

"Silinafunse mudzi?"

"Silinafunse chilichonse. Aliyense akhoza kuwerenga, ngakhale inu."

Fanuelo anali atajambula masamba aja pa foni yanga. Anandikodola. Ndinayenda pakati pa bwalo miyendo ikulemera ngati ndili m'matope a m'munda wa mpunga. Iye anawerenga Chizungu, n'kumamasulira mawu amodziamodzi. Pamene anakakamira, ndinamuthandiza.

Amalume anamvetsera mutu uli pansi.

"Amalume," anatero Fanuelo, "inu munamuonapo kambuku wamoyo?"

Amalume anadzutsa mutu. "Ndinamumva akulira kamodzi m'phiri, ndili mnyamata. Kumuona ayi."

"Ine ngakhale kulirako sindinakumve. Ndipo anzanga atamva kuti ndivala uyu, apangana zokatchera njuzi ya m'dambo kuti nawonso akhale ndi mawanga."

Amalume anacheukira kwa oimba ng'oma. Pearson anayamba kuyang'anitsitsa ng'oma yake ngati waiona koyamba.

"Ndiye ukavina ndi chiyani? Kabudula wa sukulu?" anafunsa amalume.

Ndinamasula thumba lija. Fanuelo anapereka kambuku weniweni kwa amayi kuti amugwirire, n'kutambasula wathu.

Kenako mwana wina wa pulayimale anakuwa, "Meee!"

Bwalo lonse linaphulika. Amayi a zitumbuwa anagwirana mapewa. Wina anakuwa kuti, "Ameneyo ndi kambuku wodya chinangwa cha eni!" Wina anati, "Mumumange chingwe, angalowe m'munda!"

Amalume sanaseke. Anachitenga, n'kuchitembenuza, n'kuchinunkhiza. Anakoka mchira.

"Ili ndi tsitsi la ku saluni ili."

"Eya, amalume," ndinayankha.

"Nanga kambuku wa zala zisanu pa phewa munamuona kuti?"

"Ndi Sharon, amalume."

Mlomo wawo unagwedezeka. Anaubweza msanga.

"Chabwino. Ine sindimanga mbuzi m'chiuno mwa muphwa wanga. Dzimange wekha. Uvine. Anthu awa akapitiriza kulira mee mpaka nyimbo kutha, ndiye kuti ndiwe mbuzi, ndipo havara apita ku nyumba ina lero lomwe. Ng'oma!"

Ng'oma zinagunda. Fanuelo anamanga mfundo yake n'kulowa m'bwalo. Ana anayamba, "Mee! Mee!" motsatira ng'oma.

Anayamba motsika, mawondo atapindika, akuyenda ngati akuzemba m'udzu. Anazungulira bwalo kamodzi osayang'ana munthu. Kenako anaima, n'kutembenuza mutu pang'onopang'ono kuyang'ana ana aja. Ng'oma yaikulu itagunda, analumpha. Anatera pafupi ndi mapazi awo, fumbi n'kuti kobo, mchira uja ukukwapula m'mwamba. Ana anabalalika akukuwa, wina n'kugwera m'beseni la zitumbuwa.

Palibe analiranso mee.

Ovina anzake analowa pambuyo pake m'mizere iwiri, akupingasana, manjerenjeza akuyankhana ndi ng'oma. Amayi anaimba nthungululu, kambuku weniweni ali m'manja. Ine ndinazindikira mochedwa kuti nanenso ndikuvina, ndipo kwa nthawi yonseyo sindinacheuke kuona ngati Sharon wameza kanthu.

Nyimbo isanathe, amalume anaponya chipewa pansi n'kulowa. Anavina moyang'anizana ndi muphwa wawo, mkulu ndi mwana, mpaka oimba ng'oma anapempha madzi.

Atapuma, amalume anagwira mfundo ya m'chiuno mwa Fanuelo.

"Wamanga ngati mtolo wa nkhuni. Ikagwa ku Zomba udzatichititsa manyazi."

Anaimasula, n'kuimanganso okha, mfundo ya makolo, yokhala kumanzere. Kenako analoza oimba ng'oma.

"Inu, njuzi ija muisiye. Ikudya makoswe a m'mpunga mwanu. Ofuna mawanga apite kwa make Sharon."

6. Lole itanyamuka

Lachisanu m'mawa lole inafika pa sukulu ikulira hutala. Ana anakwera akuimba, ng'oma zili pakati. Fanuelo anakhala pamwamba pa thumba lake ngati wina amulanda. Ndinamuuza kuti asakhale m'mphepete, asamwe madzi a paliponse, ndiponso asatsike lole isanaime.

"Achemwali, ndikupita ku Zomba, osati ku Joni!"

Amalume sanakwere. Anati mawondo akuwawa chifukwa cha dzulo, ndipo aphunzitsi alipo okwanira. Tinaima limodzi mpaka fumbi la lole linatha.

Pobwerera sanakhotere kwawo. Anakankha njinga yawo pambali panga mpaka tinafika pa chulu chija. Pamenepo anaima.

"Make Sharon, ndiye kuti havara azingokhala m'thumba mpaka njenjete zimumalize? Mwini wake watsopano osamuvala ngakhale tsiku limodzi?"

"Lamulo likuti pafunika chilolezo, amalume."

"Chilolezocho amapereka ndani?"

"A nthambi ya zanyama zakutchire."

Anakanda chibwano. "Boma limeneli layankhula, ife tamva. Kodi pa tsamba lakelo pali poti munthu n'kuliyankha?"

Ndinafuna kunama kuti bandulo yatha. Koma anali atayamba kale kukwera chulu, akugwira udzu, ndipo ndinawatsatira. Ndinatsegula tsamba lija n'kutsika mpaka pansi penipeni. Panali nambala ya foni.

"Ilipo, amalume. Koma amayi anati..."

"Mlongo wanga amaopa ngati iwe. Imba. Ndikufuna ndiwafotokozere ndekha kuti kambuku ameneyu anafika m'dziko muno iwo asanabadwe. Akandiuza chochita, ndichita. Kubisala ndatopa nako."

"Akafunsa dzina?"

"Ndili nalo."

Ndinadina manambala. Ndinalakwitsa, n'kuyambiranso. Foni inaitana. Ndinapemphera kuti asayankhe. Inaitananso.

"Halo, nthambi ya zanyama zakutchire," anatero mawu a mayi wina. "Tikuthandizeni chiyani?"

Amalume anandilanda foni. Anavula chipewa, n'kuima mowongoka pamwamba pa chulu, n'kukonza kukhosi.

"Mwadzuka bwanji, mayi? Ndine Gerishomo, wa kwa Mwambo. Musadzidzimuke. Ine ndili ndi kambuku m'nyumba."